Yoyera ndi Yabuluu pa Msewu wa ku Nakonde

Anthu anzeru akagula galimoto yamagetsi kunja amaikweza pa chithiraki kuchokera pa boda mpaka pakhomo pawo. Ine ndi mlamu wanga Chanda tinafunsa mtengo wa chithirakicho pa Nakonde, tinayang'anana, ndipo tinagwirizana kuti tiyendetsa tokha mpaka ku Kabwe. Tinadzitonthoza kuti ulendowo utiuzanso chimene tinkafunitsitsa kudziwa: mwa galimoto ziwiri zimene tinagulazo, yosawononga ndalama ndi iti.

Funsoli silinali lamasewera. Atate anga anagwira ntchito ya njanji moyo wawo wonse, ndipo nyumba yathu ya ku Katondo, mu Kabwe, anaimanga ndi ndalama zopumira pantchito. Impso zawo zitafooka, madokotala anati azipita ku Lusaka kawiri pa sabata kukagona pa makina osefa magazi. Basi sangaithe, amatsika ali lefuu. Ndinkawatenga pa takisi yanga yakale, koma petulo anatimaliza mpaka tinayamba kupempha kwa abale. Asisi anga aakulu, a Perpetua, amene amakhala ku Lusaka, anadula nkhani: mwezi ukatha tisanapeze njira yotsika mtengo, adzawatenga atate akakhale nawo m'chipinda cha ana. Asisi atachoka, atate anandiitana n'kundiuza motsitsa mawu kuti, "Gervazio, ine m'nyumba muno ndidzatuluka chogona, osati ndi sutikesi."

Ndiye ndinagulitsa takisi ija. Chanda, mwamuna wa mlongo wanga wamng'ono, munthu wa mtundu wa Abemba wokonza mafoni ku Natuseko mu Kabwe, anaonjezera zake, n'kuitanitsa galimoto ziwiri zamagetsi zogwiritsidwapo kale ntchito. Imodzi tisunge ya atate, inayo tigulitse kwa mkulu wina wa sitolo ku Ngungu, mu Kabwe momwemo, amene anati adzatenga iliyonse imene tisiye. Ukaziona zitaima pamodzi ungati n'zapachibale: msinkhu umodzi, zitseko zofanana, mtengo wosiyana pang'ono. Kusiyana kwake kunali kunsi kosaoneka. Yabuluu inali ndi batire lalikulu ndipo inali yolemera, yoyera inali ndi batire laling'ono. Ine ndinatenga yoyera.

Pa Nakonde tinadikira mapepala mpaka fumbi linatizolowera. Ejenti wotiyendetsera mapepalawo m'mawa uliwonse ankati "lelo zituluka", dzuwa n'kulowa tili pa benchi yomweyo, tikudya chinangwa chootcha. Galimoto zitatuluka, osintha ndalama ndi oyendetsa njinga zamoto anatizungulira, ena n'kugwada kufunafuna paipi ya utsi. Ine sindinaseke nawo. Ndinali nditaona kale kuti mabatire onse awiri afika ali pafupi kutha.

Mwini loji imene tinagona, mayi wochenjera kwambiri, anakana kuti tingolumikiza zingwe zathu pakhoma pake.

"Malaiti ni ya prepaid, ba boss," anatero. "Mugule ma units, tione pa meter pamodzi. Sinifuna mulandu."

Mayiyo ndiye anatipatsa sikelo yathu ya ulendo wonse. Paliponse tikaima tinkagulira mwini nyumba mayuniti, n'kuwerenga mita galimoto isanayambe kudya ndi itakhuta. Tinaphunziranso tsiku lomwelo kuti ziwiri sizidyera pamodzi. Titalumikiza zonse, loji yonse inangoti bii, alendo n'kutuluka m'zipinda akutukwana. Kuyambira pamenepo zinkadya mosinthana, ndipo kudikira kwathu kunawirikiza.

Kuchoka pa Nakonde kupita ku Isoka ndinayendetsa ngati ndanyamula mazira. Ndinazimitsa choziziritsa, wailesi osaiyatsa n'komwe, thukuta lili kamukamu. Maso anga sanali pamsewu mokwanira, anali pa kanambala kosonyeza makilomita otsala. Pachitunda kanambalako kankatsika mothamanga, potsetsereka n'kubwezako pang'ono ngati kakundinyengerera. Mathiraki onyamula mafuta ankandiombera mahutala kumbuyo chifukwa chochedwa. Chanda ankandipitirira mawindo ali otseka, nyimbo zikugunda, n'kukandidikira kutsogolo akudya nthochi.

Ku Isoka tinapeza magetsi atazima. Tinakhala pakhonde la loji kuyang'ana babu ngati anthu odikira wodwala kuti atsitsimuke. Atabwera magetsi, mita inanena zoona zake: pa msewu womwewo, yoyera inadya pang'ono kwambiri kuyerekeza ndi yabuluu. Mtima wanga unakhala pansi koyamba chichokereni kunyumba.

"Mwaona mulamu?" ndinatero. "Yanu ikudya monga Mubemba pa ukwati."

"Idya, koma iyenda," anayankha Chanda. "Yanu ni ya kumsika chabe. Manje lodge iyi tagona chifukwa cha ndani? Yanga sembe yapitilila. Na nshima ya pano muikepo pa mutengo wa motoka yanu."

Ndinakwiya chifukwa ankanena zoona. Yabuluu ikanatha kudumpha Isoka osaima. Mayuniti amene yoyera inkapulumutsa ankathera pa bedi ndi chakudya cha malo amene inkatiimitsa. Komanso Chanda ankanyamula anthu panjira. Ku Isoka anakweza amayi awiri a matumba a nyemba opita ku Chinsali, n'kulipiritsa mtengo wa basi. Ine mayi wina wa dengu la tomato anandiimitsa, ndinayang'ana thupi lake, ndinayang'ana kanambala kaja, n'kumupepesa. Mpaka lero ndimamuonabe pagalasi ataima ndi dengu lake.

Komabe yabuluu inali ndi milandu yake. Mataya ake ndi aakulu, ndipo wogulitsa mataya ku Chinsali atatiuza mtengo wa limodzi, Chanda anangoimba mluzu. Kuti ikhute pa soketi ya m'nyumba inkafuna usiku wonse ndi chigawo cha tsiku. Tinkakangana zimenezi pa chakudya chilichonse, wina akawina m'mawa, mnzake n'kuwina madzulo.

Tili ku Chinsali asisi anaimba foni.

"Iwe Geri, uli kuti kansi? Atate mendo yavimba. Taxi ya hire yatidyela ndalama zonse za mwezi. Ine pa Saturday nibwela kubatenga, motoka zanu zifike olo zisafike."

Magetsi a ku Chinsali anali atabwera mochedwa, ndipo yabuluu ndiyo inayamba kudya. Yoyera inali isanakhute. Chanda anati tidikire tsiku lina, koma ine mawu a asisi ankandilira m'makutu. Ndinazula chingwe n'kunena kuti Mpika tifika basi, ndiziyenda pang'onopang'ono.

Msewu wa pakati pa Chinsali ndi Mpika ndi wautali, ndipo mbali zonse ndi mitengo yokhayokha. Ndinayamba bwino. Kenaka kunabwera zitunda zimene sindinkazikumbukira popita pa basi, chifukwa munthu wokwera basi saona chitunda. Kanambala kaja kanayamba kutsika mofulumira kuposa zikwangwani za pamsewu. Ndinawerengera m'mutu, ndinawerengeranso, yankho n'kumabwera lomwelo: sindifika. Ndinayamba kupemphera korona mokweza, ndekhandekha, ndikulakwitsa ndi mawu omwe.

Dzuwa litapendeka, kanambalako kanazimiririka, m'malo mwake munayaka kachithunzi ka kamba. Galimoto inafooka nthawi yomweyo. Ndinapondaponda, koma inkangokwawa. Mwamwayi kutsogolo kunaoneka timasitolo tingapo m'mbali mwa msewu, ndipo ndinakaima pansi pa mtengo. Chanda anabwerera n'kudzandipeza pomwepo.

Timasitoloto tinali ndi timasola tochajira mafoni basi. Mwini kantini anatilozera mapolo a magetsi amene ankachoka pamsewu kulowera ku nyumba ina ya malata. Pamudzi ponsepo nyumba ya soketi yamphamvu inali yomweyo. Tinayang'ana kumeneko, ndipo mtima wanga unagwa. Pabwalo panali tenti, utsi wa nkhuni, amuna atakhala pamipando panja, kwaya ikuimba motsitsa. Panali maliro.

"Awe mulamu, apa sitingapemphe," anatero Chanda. "Banthu balila, ise tibwele na cable? Ni nsoni."

Iye anavula chipewa, n'kupita kukakhala pakati pa amuna mwaulemu monga Mubemba mnzawo. Ine ndinatsalira kumbuyo pafupi ndi pophikira, osadziwa chochita. Kubwerera kunalibe, kupitirira kunalibe, ndipo Loweruka linkayandikira. Pamenepo mayi wina wamfupi, wovala chitenje chothimbirira ndi utsi, anandiyang'ana akukoka chikuni chachikulu. Ndinamuthandiza, n'kunena kuti, "Pepani amai, nchito yakula."

Anaponya chikunicho pansi. "Imwe, kakambidwe aka! Ndimwe a kuti?"

"Nikhala ku Kabwe, koma kwathu ni ku Chipata. Ndine Tembo."

"Mulungu wanimva! Ine ndine Amai Mwanza a ku Katete. Pamalilo pano mbuya nili neka, msana wathyoka. Vulani jekete!"

Kwa amene sakudziwa, ife a kum'mawa ndi Abemba timatchulana kuti ambuya, ndipo pali chibale chanthabwala chimene makolo anatisiyira. Pamaliro a Mubemba, ife ndife ogwira ntchito: kuwaza nkhuni, kuphika, kukumba manda. Malipiro athu ndi ufulu. Tingawanyoze ofedwa pamaso, tingawapake ufa kumutu, tingawalipiritse chilichonse, ndipo saloledwa kukwiya. Ku Kabwe ndinachitapo zimenezi kambirimbiri mongosangalala. Sindinaganizepo kuti tsiku lina zidzandipulumutsa.

Ndinawafotokozera Amai Mwanza za galimoto ndi za atate. Anatapa ufa m'beseni, n'kundithira wina m'manja, n'kundikokera pakati pa bwalo akukuwa: "Ba kolwe, imvelani! Mbuya wina wafika, wabwela na motoka yake ya njala. Ikudya malaiti. Tsegulani window!"

Kolwe ndi nyani m'Chibemba, ndipo timawatcha choncho powanena kuti amadya anyani. Ndinkayembekeza kuti wina aimirira n'kutithamangitsa. M'malo mwake gogo wina anayankha ali pampando kuti odya mbewa, kunena ife a kum'mawa, afika, abise mbewa zonse za pamudzi, ndipo anthu anaseka chamumtima monga amasekera pamaliro. Mwana wamkulu wa malemu, a Mutale, anabwera kudzandipatsa moni. Ndinawapaka ufa pamphumi monga mwa mwambo, n'kunena kuti chindapusa chawo ndi soketi. Anaweramitsa mutu n'kuvomera m'Chibemba kuti, "Endita mukwai, ba mbuya."

Anyamata a kwaya anakankha galimoto mpaka pawindo la chipinda chochezera. Chingwe chinalowa pawindo, n'kudutsa pamwamba pa mitu ya amayi amene anakhala pamphasa mozungulira namfedwa. Kagetsi kobiriwira katayaka pagalimoto, ndinamva misozi ikubwera. Kuti anthu asaone, ndinatapa ufa wina n'kupita kwa Chanda, amene anali atakhala mwaulemu wake uja, ndipo ndinamukhuthulira wonse kumutu mpaka anangoti mbuu. Amai Mwanza anamulipiritsa chifukwa chobwera pamaliro ndi nsapato zonyezimira.

"Na iyi fine muikepo pa motoka yanu," anandinong'oneza akupukuta m'maso.

Ndinawaza nkhuni mpaka m'manja munatuluka matuza. Chakumadzulo kwaya inayatsa kiyibodi ndi sipika. Anangoimba ndime imodzi, zonse n'kuti zii. Magetsi a nyumba yonse anathima, nyimbo inadukira pakati, ndipo anthu onse anatembenukira ku galimoto yanga. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Galimoto, firiji, sipika ndi kiyibodi zinali zitalemera pa waya umodzi, ndipo wolakwa aliyense ankamuona.

Amai Mwanza sanachedwe. "Mwamva? Malemu akana nyimbo yanu, ati muimba monga achule! Kwaya yonse, lipilani!"

Kuseka kunayambira kwa amayi a m'nyumba. A Mutale anapita kukakweza switchi yaikulu ya nyumbayo, n'kubwerako atanyamula pulagi ya kiyibodi m'manja. Anauza a kwaya kuti bambo awo sankakonda zoimbira zamagetsi, aimbe ndi pakamwa. Sindikudziwa ngati zinali zoona. Anaimba ndi pakamwa, ndipo galimoto inapitiriza kudya.

M'mawa mwake ndinapita ndi amuna ena kukakumba manda. Ndili m'dzenje mpaka m'chiuno, wina anatchula kuti malemuwo anapuma pantchito ya njanji ku Mpika, ndipo anamwalirira m'nyumba yawo yomwe ija, pabedi pawo. Ndinaima ndi fosholo m'manja. Nthabwala zonse zinandithera. Ndinachita mantha enieni, mantha a mwana, kuti mwina ndikuvutikira mayuniti ndi mataya pamene nthawi ya atate ikutha, ndipo foni ingalire ndili m'dzenje la bambo wa eni ake. Ndinakumba mwamphamvu kuposa onse kuti ndisaganize.

Titaika maliro ndinagulira nyumbayo mayuniti ochuluka kuposa amene galimoto inadya, ngati chipepeso changa. Amai Mwanza anandipatsa mtedza m'kapepala, n'kunena kuti ndikawapatse moni atate ngakhale sawadziwa.

Kuchokera pamenepo sindinachitenso matama. Ku Mpika, ku Serenje ndi ku Mkushi tinadikira mpaka galimoto iliyonse itakhuta, ngakhale pamene magetsi ankabwera ndi kupita ngati akutiseka. Pakati pa Mpika ndi Serenje tinaimanso pa mishoni ina chifukwa cha yoyera yomweyo, Chanda n'kumangondiyang'ana. Mita iliyonse inkabwereza zomwe zija: yoyera imadya pang'ono, yabuluu imafika patali. Pa Kapiri Mposhi, pamene msewu wathu umakumana ndi wochokera ku migodi, ndinayamba kununkhiza kwathu, koma mutu unali utaima. Ndinali ndisanasankhe.

Tinalowa mu Kabwe Loweruka masana. Pakhomo ku Katondo tinapeza galimoto ya amuna awo a asisi itaima kale. Atate anali pakhonde, miyendo yotupa itasanjikidwa pa kampando, ataonda kuposa mmene ndinawasiyira. Asisi sanadikire n'komwe kuti tisambe.

"Kambani. Ni iti, ndipo ni zingati?"

Ndinafotokoza zonse mosabisa. Yabuluu ingapite ku Lusaka ndi kubwerako osaima, koma movutikira, ndipo batire likamakalamba sidzatha. Imadya kwambiri, mataya ake ndi odula, komanso tikaisunga ndiye kuti tigulitsa yoyera, imene mkulu wa ku Ngungu uja ankaipatsa mtengo wotsika. Yoyera ndiyo tingaikwanitse mwezi ndi mwezi popanda kupempha kwa munthu. Koma ikafika ku Lusaka imakhala itatheratu, ndipo ngakhale pa malo ochajira amphamvu a m'tauni imafuna maola anayi kuti ibwerere. Malowo ali kutali ndi chipatala, ndipo galimoto sungaisiye yokha. Ine nthawi zonse ndimakhala pambali pa atate akakhala pa makina, chifukwa nthawi zina amachita chizungulire kapena kusanza, ndipo kwathu wodwala sasiyidwa yekha. Ndiye kuti tikatuluka m'chipatala, atate atatopa kale, azikadikiranso maola ena anayi pa benchi.

"Mwamva atate?" anatero asisi. "Imodzi ni yodula, inangu ni yolema. Nakamba kale ine. Tiyeni tilonge."

Chanda anayang'ana pansi. Msewu wonse uja, matuza m'manja, manda a eni ake, zonse zinathera pa mawu awiri a asisi, ndipo sanalakwitse.

Atate anakhosomola. "Wati maola angati, Gervazio?"

"Anayi, atate."

"Nanga ine pa makina paja ndimagona maola angati?"

Tonse tinkadziwa kuti ndi anayi omwewo.

"Perpetua, mwana wanga," anapitiriza atate, "iwe ukufuna kundisamala, ndipo ndikuthokoza. Chipatala chili pafupi ndi kwanu. Uzibwera uzikhala nane pa makina paja, tizicheza. Uyu azinditula pakhomo n'kupita kukadyetsa galimoto yake. Iwe udzandiona kawiri pa sabata, ine ndidzagona m'nyumba mwanga."

Asisi anayang'ana miyendo ya atate nthawi yaitali. Kenaka anafunsa kuti nanga tsiku limene magetsi adzazime ku Lusaka tidzatani, ndipo atate anati tsiku limenelo adzagona m'chipinda cha ana mosanyinyirika. Asisi anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kunena kuti ayesa mwezi umodzi wokha, ndipo ndikadzangochedwa kamodzi nkhani yatha.

Yabuluu inapita ku Ngungu. Lachiwiri lotsatira ndinawatula atate pakhomo la chipatala, asisi ataima kale pamenepo ndi fulasiki ya tiyi, nkhope ili gwa. Ndinakalumikiza galimoto, n'kukhala pambali pake maola onse anayi foni ili m'manja, ndikudzidzimuka ikangolira. Kupatula masiku a ulendo uja, inali nthawi yanga yoyamba kusakhala pafupi nawo pa makina. Nditabwerera ndinawapeza atakhala pa njinga ya odwala panja, asisi atawagwira phewa, akukangana za dzina la mphunzitsi wina wakale wa ku Katondo. Atandiona anakweza dzanja lomatidwa pulasitala.

"Yakhuta?"

"Yakhuta, atate."

"Nanenso ndatha. Tiye kwathu kusanade."